Mafunde Afupi m'Dziko Lalikulu

Mu 1976, mumzinda wa New York, anthu amene anali ndi foni ya m'galimoto ya kampani ya Bell anali 543 cabe. Ena opitilila 3,700 anali pamndandanda, kudikila. Ndalama anali nazo, magalimoto anali nawo, cimene cinasowa ndi malo. Mzinda wonse unali kugawana njila 12 za mafunde a wailesi, ndipo njila iliyonse inali kunyamula anthu awili okha okambilana pa nthawi imodzi. Njila zonse zikadzaza, wotsatila anali kungogwila foni kudikila kuti wina atsazike. Mlongoti unali wautali, wofuula mwamphamvu kuti mau afike mbali zonse za mzinda, ndipo popeza unali kumveka paliponse, palibe wina pafupi amene akanagwilitsilanso nchito njila imodzimodziyo.

Ndayambila ku New York cifukwa vuto limenelo silinathe mpaka lelo. Mbili ya foni ya m'manja, kucokela ku imene timaicha 1G kufika ku 6G imene akatswili akali kuijambula papepala, ndi mbili ya anthu oculuka olimbilana munda umodzi umene sukula. Munda umenewo ndi mafunde a wailesi. Mbadwo uliwonse wa mafoni unapeza nzelu yake yokololela zambili pamunda womwewo, ndipo nzelu iliyonse inali ndi mtengo. Kwa ife kuno ku Zambia, mtengo wa nzelu zatsopanozi ukugwela pa cinthu cimene tili naco cambili kuposa amene akuzipanga: mtunda.

Yankho la vuto la ku New York linali litalembedwa kale mu 1947 ndi injiniya wa ku Bell Labs, Douglas Ring. Iye anati, lekani kufuula. Dulani mzinda m'zigawo zing'onozing'ono, cigawo ciliconse cikhale ndi mlongoti wake wolankhula motsitsa mau, kuti njila imene yagwila nchito kuno igwilenso nchito kutsidya popanda kusokonezana. Zili monga dzina lakuti Phiri. A Phiri a ku Katete ndi a Phiri a ku Lundazi sasokonezana, koma muwaike m'nyumba imodzi muitane kuti "a Phiri", onse atembenuka. Nzeluyo inali yosavuta kuimva koma yovuta kuicita, pakuti galimoto ikacoka m'cigawo cina kulowa m'cina, pafunika cina cake copatsilana foniyo pakati pa milongoti mau asanaduke. Makompyuta a nthawiyo sakanakwanitsa. Panapita zaka zoposa 30. Martin Cooper wa ku Motorola anaimba foni ya m'manja yoyamba mumseu wa ku New York pa 3 April 1973, koma netiweki ya zigawo yoyamba kugulitsidwa kwa anthu inatsegulidwa ku Tokyo mu 1979, ya maiko a kumpoto kwa Ulaya mu 1981, ndipo ya ku Chicago mu 1983.

Mu Africa nkhaniyi inalowela pakhomo lina. Ku America foni ya m'manja inali ya munthu amene ali kale ndi lamya kunyumba ndi kuofesi, wofuna yacitatu ya panjila. Ku Kinshasa, kumene Miko Rwayitare anayambitsa Telecel cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inali ya munthu amene lamya yake ya mawaya inafa kalekale. Kuno kwathu zinthu sizinali zosiyana kwambili. Tinali ndi siteshoni ya setilaiti ku Mwembeshi kucokela mu 1974, yotilumikiza ndi maiko akutali, koma m'zaka zonse za m'ma 1990 malamya a mawaya m'dziko lonse sanafike ngakhale 100,000. Dziko lokumba mkuwa linalibe mawaya a mkuwa okwanila kufika m'makomboni a Lusaka, osanena za ku Chama kapena ku Shang'ombo. Mu 1994 boma linagawa PTC pawili, panabadwa Zamtel ndi Zampost, ndipo khomo linatseguka kwa makampani ena. Telecel yomweyo inafika kuno, ndipo ndiyo inagulidwa ndi MTN mu 2005. Zamcell inakhala Celtel ya Mo Ibrahim, kenako Zain, kenako Airtel mu 2010. Amene tili ndi zaka za m'ma 30 tinakula tikuona makoma a masitolo akusintha utoto nthawi iliyonse kampani ikasintha mwini.

Cimene cinanyamula zonsezi ndi GSM, ndipo ndimaona kuti mpaka pano palibe mbadwo wina wa mafoni umene unasintha moyo wathu monga umenewu. Unayamba ndi kagulu kamene maiko a ku Ulaya anakhazikitsa mu 1982, atatopa ndi mafoni amene anali kufa akangodutsa malile. Foni yoyamba ya GSM inaimbidwa ku Finland pa 1 July 1991. Mau anasanduka manambala, ndipo njila imodzi anaidula m'tinthawi 8, anthu 8 akulankhula mosinthana mofulumila kwambili cakuti aliyense aganiza kuti ali yekha. Koma cofunika kwa ife cinali cakuti GSM inakhala pa mafunde a 900 MHz, amene amapita patali, amalowa m'nyumba, amazungulila mitengo. Malamulo ake analola kuti foni ilankhule ndi mlongoti uli pamtunda wofika makilomita 35. A ku Ulaya sanali kuganizila za ife poika nambala imeneyo, koma inatikwana monga malaya a salaula amene wapeza mwamwayi.

Zinthu zimene tinazikonda kwambili mu GSM ndi zimene eni ake anaziona monga nyenyeswa. Pambali pa njila ya mau pali kanjila kena kamene foni ndi mlongoti zimauzilana zinthu za nchito, monga kuti foni ili kuti ndipo ndani akuimba. Kanjilako nthawi zambili kamakhala kopanda kanthu. Friedhelm Hillebrand wa ku Germany ndi anzake anati tingaikemo timauthenga ta zilembo 160. Meseji yoyamba inatumizidwa pa 3 December 1992 ndi Neil Papworth ku Britain, ndipo anacita kuilemba pa kompyuta cifukwa mafoni a nthawiyo analibe polembela mau. M'kanjila komweko ndimo mumadutsa manambala aja oyamba ndi kanyenyezi, amene timadinila pofunsa talk time yotsala kapena potumiza ndalama. Celpay inayamba kulipilitsa pafoni kuno ku Zambia mu 2002, M-Pesa ya ku Kenya isanabadwe mu 2007. Lelo tumabuthu twa mobile money twadzaza m'mbali mwa miseu, tofiila ndi tacikasu, ndipo ndalama zambili zimene zimadutsamo zikali kuyenda m'kanjila ka m'mbali kamene kanapangidwa m'zaka za m'ma 1980. Amai wogulitsa tomato pa Soweto Market safunika intaneti kuti alandile ndalama. Kafoni ka mabatani kakwanila.

Ndiye panali kupeja. Uimba, ilila kamodzi, udula. Kamodzi ndiye kuti ndafika bwino, kawili ndiye kuti niimbileni, ndipo wamng'ono ndiye apeja wamkulu, osati wamkulu kupeja mwana wa sukulu. Palibe injiniya anakhala pansi kukonza zimenezi. Anthu osowa talk time anapeza kuti kulila kwa foni nakonso ndi uthenga, ndipo ndi kwaulele.

Za 3G ndi 4G ndidutsa mofulumila, kupatula cinthu cimodzi. Mu April 2000 boma la Britain linagulitsa malaisensi 5 a mafunde a 3G pa mapaundi 22.5 biliyoni, ndipo patapita miyezi yocepa Germany inapeza pafupifupi mayulo 50 biliyoni. Makampani anagula mphepo, palibe mlongoti ngakhale umodzi. Apa m'pamene zinaoneka poyela kuti mafunde ndi malo monga malo ena onse, okhala ndi mapepala, malile ndi mikangano. 3G inayamba ku Japan mu 2001, 4G ku Stockholm ndi Oslo mu December 2009, ndipo foni inaleka kukhala yolankhulilapo cabe, inakhala wailesi, TV, nyuzipepala ndi msika.

Kuti timvetse kumene kafukufuku akupita tsopano, tifunika kubwelela kwa Claude Shannon, wa ku Bell Labs nayenso, amene mu 1948 anaonetsa ndi masamu kuti njila iliyonse yotumizila uthenga ili ndi malile ake. Zinthu ziwili ndizo zimalamula: kukula kwa njilayo, ndi mmene mau akukwelela pamwamba pa phokoso. Ukakulitsa njila kawili, unyamula pafupifupi kawili. Ukawonjezela mphamvu kawili, upindula pang'ono cabe. Shannon anaonetsa pamene pali mpanda, koma sanaonetse njila yofikila pampandapo, ndipo nchito imeneyo inatenga zaka pafupifupi 50.

Nkhani imene ndimaikonda m'mbili yonseyi ndi ya Robert Gallager. Mu 1960, ali wophunzila ku MIT, anapeza njila yolongela manambala m'uthenga mwakuti wolandila atha kukonza yekha zimene phokoso lawononga. Makina a nthawiyo sakanatha kuwelengela zimene anafuna, conco nchito yake inagona m'laibulale zaka zoposa 30. Mu 1993 Claude Berrou ndi anzake ku France anatulutsa njila ina imene inafika pafupi kwambili ndi mpanda wa Shannon, mpaka akatswili ena anayamba akayika, ndipo ndiyo inalowa mu 3G ndi 4G. Izi zinacititsa kuti anthu afukulenso pepala la Gallager. Mu 2009 Erdal Arıkan wa ku Ankara anawonjezela njila yacitatu. Foni ya 5G lelo imanyamula mavidiyo ndi nzelu ya Gallager ya mu 1960, ndipo malangizo ake amayenda ndi nzelu ya Arıkan. Ndikamva wina akunena kuti kafukufuku wosabala ndalama caka comweco ndi kutaya nthawi, ndimakumbukila pepala limenelo. Koma cipambano cimeneci cili ndi mbali ina. Tafika pafupi ndi mpanda. Mbeu yabwino tapeza kale, ndipo zotsala kukolola kumeneko n'zocepa.

Njila ina inali yoculukitsa tinyanga ta pamlongoti. Mlongoti wakale uli monga koloboyi, uwala mbali zonse ngakhale kumene kulibe munthu. Thomas Marzetta anaonetsa mu 2010 kuti ukaika tinyanga tambilimbili pamodzi, utha kulunjika mafunde monga toci, munthu aliyense ndi kuwala kwake, onse panjila imodzi. Milongoti yambili ya 5G ili ndi tinyanga 64 m'bokosi limodzi. Zimagwila nchito, koma bokosilo limawelengela masamu ambili pa sekondi iliyonse, ndipo masamu amadya magetsi.

Cotsala ndi kukulitsa munda, ndipo malo opanda mwini ali kumtunda cabe, ku mafunde ogwedezeka mofulumila kwambili. Ana amene ndimaphunzitsa fizikisi amadziwa lamulo lake: funde likamagwedezeka mofulumila, limafupika. La 900 MHz ndi lalitali masentimita 33. La 3.5 GHz, kumene kuli 5G yambili padziko, silifika masentimita 9. La 28 GHz ndi sentimita imodzi. La 300 GHz, kumene ofufuza za 6G akusuzumila, ndi milimita imodzi. Kumtundako malo ndi aakulu zedi. Njila imodzi ya GSM ndi 200 kHz, pamene ya 5G ifika 100 MHz, ndipo kumafunde a sentimita ifika 400 MHz. Koma funde lalifupi ndi lamanyazi. Khoma la njelwa limaliimitsa, masamba a mango amalidya, mvula ya mu January imalifooketsa, ngakhale dzanja la mwini foni litha kulitseka. Mpweya weniweniwo umameza mafunde a 60 GHz, ndipo cinyezi ca mumlengalenga cimameza ena a pamwamba pake.

South Korea ndiyo inayamba 5G mu April 2019, dziko lolemela, la anthu othithikana m'mizinda. Makampani ake atatu anagula mafunde a 28 GHz ndi lonjezo lomanga milongoti masauzande. Anamanga yocepa cabe, cifukwa masamu a ndalama anakana, ndipo boma linalanda malaisensi a awili mu 2022 ndi a wacitatu mu 2023. Ngati mafunde a sentimita analephela kudzilipilila ku Seoul, sindiona mmene a milimita angafikile ku Petauke.

Ofufuza akudziwa zimenezi, ndipo nchito yambili ya 6G ndi kuyesa kunyengelela funde lamanyazi. Ena akupanga zikwangwani zodzala ndi tizidutswa tosinthika, zoika pamakoma a nyumba, kuti zibweze mafunde monga kalilole ndi kuwakhotetsela kuseli kwa ngodya. Vuto ndi lakuti cikwangwanico cifunika kudziwa kumene foni ili, foniyo ikuyenda, ndipo kufunsa kumeneko kumadya gawo la phindu. Ena akulimbana ndi tizipangizo totulutsa mafunde opitilila 100 GHz, tomwe timatentha kwambili koma mphamvu yotuluka n'kukhala yocepa. Ena afuna kuti nzelu za makompyuta ziziyendetsa netiweki, kugoneka tinyanga usiku pamene anthu agona ndi kutidzutsa m'mawa. Ena afuna kuti mlongoti uzigwilanso nchito ya radar, uziona galimoto, mvula kapena munthu woyenda, poyang'ana mmene mafunde akubwelela. Ici cotsiliza cimandicititsa kukhala celu. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwila nchito m'dziko muno mpaka nkhaniyo inafika kukhoti. Netiweki imene imatha kutsekedwa ndi lamulo la munthu ndi nkhani ina, koma netiweki imene imaona ndi nkhani yokulilapo, ndipo funso la amene adzasunga zimene yaona si la mainjiniya okha.

Bungwe la ITU, poika zolinga za 5G, linati netiweki izitha kunyamula zipangizo 1 miliyoni pa sikweya kilomita imodzi. Zambia ili ndi masikweya kilomita opitilila 752,000, ndipo kalembela wa mu 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni. Ndiye kuti anthu 26 pa sikweya kilomita, ndipo mukacotsapo Lusaka ndi Copperbelt nambalayo itsika kwambili. Vuto limene Douglas Ring anali kuthetsa, la anthu oculuka pamalo ocepa, tili nalo pa Cairo Road, pa Intercity ndi pa Heroes Stadium tsiku la mpila, ndipo kumeneko 5G imene MTN inatsegula mu November 2022 ndi Airtel mu 2023 ili ndi nchito. Kwina konse vuto lathu ndi lotembenuza: anthu ocepa pamalo aakulu, mlongoti umodzi wodula kumanga, wotumikila midzi imene anthu ake agula talk time ya makwaca 5. Kumudzi kwa ambuye anga kuli culu cimene aliyense amacidziwa. Udzu pamwamba pake unatha ndi mapazi a anthu oimilila ndi foni m'mwamba, ndipo nkhani za malilo ndi za ndalama za feteleza zimakambidwa pamenepo, mudzi wonse ukumva.

Ndipo mlongoti umadya. Mu 2024, cilala citaphwetsa Kariba, malaiti anali kuzima maola opitilila 20 pa tsiku m'madela ambili. Milongoti inakhala pa mabatile ndi majeneleta amene anapangidwila kuthandiza maola ocepa, osati kunyamula katundu tsiku lonse kwa miyezi. Tonse tinaona foni yodzaza moto, yogulidwa bundle, koma yopanda netiweki. Opanga 5G amanena zoona akati imadya magetsi ocepa pa uthenga uliwonse, koma mlongoti wake wonse umadya kuposa wakale cifukwa umanyamula zambili. Kwa ife funso la kafukufuku limene lili ndi phindu si lakuti filimu itsike m'masekondi angati. Ndi lakuti mlongoti ungagwile nchito usiku wonse ndi dzuwa la masana limene wasunga, ndipo ungafike makilomita angati.

Mafunde oyankha funso limenelo ali kumunsi, osati kumtunda. TV itasamuka kucoka ku analogi kupita ku dijito, inasiya malo pa 700 ndi 800 MHz, mafunde aatali kuposa a GSM, otha kunyamula 4G ndi 5G patali. Ambili tinaona kusamukako monga nkhani yogula dekoda cabe, koma kwa munthu wa pa culu cija cinali cinthu cacikulu kuposa zonse zimene zikuyesedwa pa 300 GHz.

Kafukufuku woyang'ana mbali imeneyo anacitikapo m'dziko mwathu muno. Ku Macha, ku Southern Province, ofufuza a ku University of California, Santa Barbara, pamodzi ndi anthu a kumeneko anaimika kanetiweki kakang'ono ka GSM kamene anakacha Kwiizya, mau a Citonga otanthauza kuceza, ndipo analengeza zotsatila zake mu 2013. Anagwilitsila nchito mapulogilamu aulele ndi makina ochipa, mafoni ali omwewo amene anthu anali nawo kale. Maziko ake anali cinthu cimene aliyense wokulila kumudzi adziwa: mafoni ambili amene munthu aimba ndi a kwa anthu a pafupi, kwa namwino, kwa a hedi, kwa mlamu wa kutsidya la dambo. Palibe cifukwa cakuti mau apite kumakina a mumzinda ndi kubwelanso. Nchito yotele sikhala pamutu wa nyuzipepala, ndipo ndalama zake n'zocepa poyelekeza ndi za mapulogilamu monga 6G Flagship ya ku Oulu, ku Finland, imene inayamba mu 2018.

Njila ina yafika kucokela kumwamba. Mbale ya ku Mwembeshi inali kuyang'ana setilaiti yokhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, n'cifukwa cake oimba kunja anali kumva mau akucedwa. Masetilaiti a Starlink, imene inayamba kugulitsa kuno mu October 2023, ali pafupi kwambili ndi dziko, koma amathamanga makilomita opitilila 7 pa sekondi, ndipo iliyonse imaoneka mphindi zocepa cabe isanalowe. Ndi vuto lija la galimoto yodutsa m'zigawo, koma tsopano munthu waima ndipo mlongoti ndiwo ukuthamanga. Malamulo a 5G amene anamalizidwa mu 2022 anatsegula njila yakuti foni wamba izilankhula ndi setilaiti popanda mbale. Kafoni ka m'thumba kali ndi mphamvu yocepa, ndipo setilaiti imodzi imaphimba dela lalikulu limene onse okhalamo agawana njila imodzi, conco tabwelela ku mlongoti wautali wa ku New York. Kumene anthu ali 26 pa sikweya kilomita, zimenezo si zoipa kwenikweni. Meseji idzadutsa, kanyenyezi ka ndalama kadzadutsa. Cimene cidzavuta ndi mtengo wa foni yomva mafunde amenewo, ndi ndalama za mwezi ndi mwezi zimene zidzatuluka m'dziko kupita kwa mwini masetilaiti.

Kumapeto kwa 2023 ITU inavomeleza cikalata ca zolinga za 6G, cimene amacicha IMT-2030. Mwa nchito 6 zimene inachula muli imodzi imene munalibe m'cikalata ca 5G, yakuti netiweki ifike paliponse, kuphatikizapo kumidzi ndi kumalo a anthu ocepa. Mau alembedwa. Koma mau a ITU amasanduka makina pamisonkhano ya 3GPP, kumene makampani monga Huawei, Ericsson, Nokia, Qualcomm ndi Samsung amatumiza mainjiniya ambilimbili, aliyense ndi nzelu zimene kampani yake inalembetsa kuti izilandilapo ndalama. Kugawa mafunde enieniwo kudzacitika pamsonkhano wa maiko onse wa mu 2027, kumene adzakambilana za mafunde a pakati pa 7 ndi 8 GHz, ena a pafupi ndi 15 GHz, ndi za masetilaiti olankhula mwacindunji ndi foni. Kumeneko Zambia ili ndi mpando ndi voti imodzi, yolingana ndi ya South Korea, ndipo nthumwi zathu zidzakhala zitagwilizana kale mfundo ndi maiko ena a mu Africa.